DAVID CLEMENT SCOTT: MBUSA AMENE ANAMANGA NYUMBA YA MULUNGU NDI MANJA A ANTHU ATHU

Kuwerenga: Yoswa 4:1-9, 19-24, 2 Mafumu 12:4-15, Luka 7:1-10

Vesi loloweza: 1 Petro 2:5

Cholinga: Kuti ana adziwe kuti nyumba zakale zopemphereramo ndi mboni za ntchito ya Mulungu pakati pa makolo athu, ndipo kuti kuzisamala ndi udindo wa Mkhristu aliyense, ngakhale mwana.

MAU KWA APHUNZITSI

Inu aphunzitsi a Sande Sukulu, makamaka inu a m'mipingo ya ku Kasungu, phunziro ili muyambe kulikonzekera ndi miyendo musanatsegule buku. Pitani mukayime pabwalo la tchalitchi chanu, muyang'ane uku ndi uku. M'malo ambiri mudzaona nyumba ziwiri. Ina ndi yatsopano, yaikulu, ya malata owala, imene Akhristu anamanga ndi ndalama za fodya m'zaka zimene msika unakoma. Inayo ili pambali, yaing'ono, ya njerwa zakuda ndi ukalamba. M'menemo ndimo munabatizidwa agogo anu, ndimo munadalitsidwa ukwati wa makolo anu. Koma lero mwina mukugona mbuzi, mwina muli mabenchi othyoka ndi mileme, kapena wina anapempha kuti asungemo mabelo ake podikira galimoto ya ku okushoni. Tsiku lina bwalo la akulu lidzagwirizana kuti aigwetse, njerwa zake amangire khitchini.

Ana amene muwaphunzitsa lero ndiwo adzakhala pa bwalo limenelo mawa. Nchifukwa chake takulemberani mbiri ya mbusa wina wa kale, David Clement Scott. Iye sanagwire ntchito kuno ku Kasungu, koma ku Blantyre. Komabe Mpingo wathu wa C.C.A.P. ndi umodzi, ndipo nyumba imene iye anamanga pamodzi ndi anthu a dziko lino ikalipo mpaka lero, patapita zaka zoposa 130. Werengani mbiriyi kawiri kapena katatu, kuti pokafotokozera ana musakhale maso ali pa pepala.

MISONI IMENE INADWALA

David Clement Scott anabadwa m'chaka cha 1853 ku Scotland, naphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya ku Edinburgh. Anali munthu wanzeru zakuya, wokonda zinenero ndi nyimbo. Pamene iye anali kuphunzira za ubusa, Mpingo wa Church of Scotland unatumiza anthu ake kuno kudzayamba misoni yokumbukira David Livingstone. Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito amene anali womasulira wake, anasankha malo m'dziko la Mfumu Kapeni, ndipo mu October 1876 misoni inayamba. Anaitcha Blantyre, dzina la mudzi umene Livingstone anabadwira.

Musawabisire ana okulirapo kuti chiyambi chake sichinali chabwino. Amishonale ena oyamba anadziyesa mafumu ndi oweruza. Anakwapula anthu owaganizira kuba, ndipo munthu wina anaphedwa ndi mfuti atamuweruza iwo okha. Mbiri yoipayi inamveka ku Scotland mu 1880, ndipo Mpingo unachita manyazi. Mtsogoleri wa misoni, Mbusa Duff Macdonald, anaitanidwa kubwerera kwao, ndipo amisiri ena anachotsedwa ntchito. Dzina la Khristu linali litadetsedwa pamaso pa anthu amene anayenera kulimva koyamba.

Pa nthawi yotereyi, mu 1881, Mpingo unatuma Scott kudzatsogolera misoni. Anali ndi zaka 28 zokha. Anafika pamodzi ndi mkazi wake Isabella, wa ku banja la Bowie, amene anthu ankamutcha Bella.

MUNTHU AMENE ANAYAMBA WAMVETSERA

Scott sanayambe ndi kumanga. Anayamba ndi kukhala pansi. Anaona kuti anthu a kuno ali ndi njira yao yokonzera zinthu zikalakwika, ndiyo mlandu wa pabwalo, pamene aliyense apatsidwa mpata wolankhula ndipo akulu afunafuna chilungamo modekha. Iye analemekeza njira imeneyi, naigwiritsa ntchito pa milandu ya pa misoni ndiponso pokambirana ndi mafumu oyandikana nawo. Chikoti chinachoka pa misoni.

Masiku amenewo dziko linali losakhazikika. Malonda a akapolo anali asanathe, ndipo nkhondo za Angoni zinkafika mpaka ku mapiri a Shire. Mu 1884 Scott anayenda ulendo wautali kukaonana ndi Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, kuti apalane naye ubwenzi. Pang'ono ndi pang'ono pa misoni panasonkhana anthu a mitundu yosiyana: Amang'anja, Ayao, ana a mafumu a Makololo, akapolo othawa, ndipo pambuyo pake Angoni odzafuna ntchito.

Scott anaphunziranso chinenero cha anthu mwakhama. Ankafunsa akulu matanthauzo a mau, miyambi, maina a mitengo, miyambo ya ukwati ndi ya maliro, nalemba zonse. Mu 1892 linasindikizidwa buku lake lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja, limene silinangomasulira mau okha, koma linafotokozanso moyo wa eni ake a mauwo. Mnzake Alexander Hetherwick, amene anafika mu 1883, anadzalikonzanso, nalitulutsa mu 1929. Munthu salemba buku lotere la anthu amene akuwanyoza. Scott anakhulupirira kuti Mulungu anapatsa anthu a mu Africa nzeru ndi mphatso zao, ndipo kuti Mpingo wa Khristu pa dziko lonse ukhala woperewera ngati mphatso zimenezi sizilowamo. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, pakuti ndiyo maziko enieni a nyumba imene tifotokoze tsopano.

KUMANGA TCHALITCHI, 1888 MPAKA 1891

Mu 1888 Scott anayamba kumanga tchalitchi cha njerwa. Iye sanaphunzire za umisiri wa zomangamanga, ndipo panalibe mapulani athunthu ojambulidwa ndi katswiri. Anthu amene anagwira naye ntchito anali a m'midzi yozungulira, amene anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewu. Munthu wongoganiza za thupi akanati ntchitoyi ilephera.

Njerwa zonse anaumba pomwepo ndi dothi la pomwepo, naziotcha ndi nkhuni. Inu a ku Kasungu mudziwa bwino ntchito imeneyi: kuponda matope, kuthira m'chikombole, kuyanika, kupanga uvuni, ndi kuchezera usiku kusonkhezera moto. Koma njerwa za tchalitchi ichi sizinali za mtundu umodzi ai. Owerenga anapeza mitundu 81 ya njerwa, zina zokhota, zina zosongoka, zina zokhala ndi maluwa, ndipo mtundu uliwonse unafuna chikombole chakechake chosemedwa pa mtengo. Asanamange gawo lovuta, monga khomo lokhota ngati uta, ankayamba ayala njerwa popanda matope kuti aone ngati zigwirana. Zikakana, ankaphwasula ndi kuyesanso. Motero mbusa ndi antchito ake anaphunzira pamodzi, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zitatu.

Nyumbayo itatha inali ya mafiti 106 m'litali, mafiti 30 m'lifupi, ndi mafiti 37 kufika pa msonga ya denga. Kutsogolo kuli nsanja ziwiri zosafanana mamangidwe ake, ndipo pamwamba pali denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Inaperekedwa kwa Mulungu pa 10 May 1891. Lero tiidziwa ndi dzina lakuti St Michael and All Angels.

Apa imani pang'ono, muwafunse ana kuti anamanga tchalitchichi ndani. Ambiri adzayankha kuti Scott. Muwathandize kuona kuti mutu umodzi susenza denga. Panali woponda matope, wotunga madzi, wodula nkhuni, wosema zikombole, wokwera pamwamba ndi njerwa pamutu. Alendo ambiri a masiku amenewo ankanena kuti munthu wakuda sangathe ntchito ya luso. Nyumba ija inawatsutsa popanda kulankhula, ndipo ikuwatsutsabe. Ikanagwetsedwa, umboni umenewu ukanapita nayo.

MISOZI ISANAFIKE TSIKU LA CHIMWEMWE

Musaganize kuti zaka zimenezi zinali za mtendere kwa Scott. Mu 1890 anamwalira mbusa mnzake wachinyamata, Robert Cleland, amene ankayamba ntchito ku Mulanje. Kumayambiriro kwa 1891, makoma a tchalitchi atakwera kale, nthenda ya pakhosi yotchedwa diphtheria inalowa pa misoni. Inagwira kamwana ka Henry Henderson. Dokotala wa pa misoni, John Bowie, anali mlongo wake wa mai wa mwanayo, ndiponso mlongo wake wa Bella. Pofuna kupulumutsa mwanayo, dokotalayu anaboola pakhosi pake, nayamwa ndi pakamwa pake zimene zinatseka mpweya, akudziwa kuopsa kwake. Mwanayo anamwalira, amai ake Harriet anamwalira, ndipo Dokotala Bowie nayenso anatenga nthendayo namwalira. Henderson, wosweka mtima, ananyamuka ulendo wa kwao, koma anafera pa njira ku Quelimane.

Tsono pa tsiku lotsegulira tchalitchi, Scott ndi mkazi wake analowa m'nyumba yatsopanoyo ali ndi maliro anayi a pabanja pao m'mitima. Patapita zaka zinayi, mu 1895, Bella anamwalira, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso mng'ono wake wa Scott, Dokotala William Affleck Scott. Nyumba yakale ya Mulungu imakhala yotero. Munthu wodutsa amaona njerwa zokha, koma amene adziwa mbiri amaona misozi ndi mapemphero a anthu amene anapirira.

NYUMBA YA ANTHU ONSE

Mwezi womwewo wa May 1891 dziko lino linalowa pansi pa chitetezo cha boma la Britain. Azungu a minda ndi a malonda anayamba kuchuluka, ndipo ena a iwo sanakonde kupemphera pamodzi ndi anthu akuda. Scott anakana kugawa Mpingo. Anaumirira kuti tchalitchi ndi chimodzi, ndipo gome la Mgonero wa Ambuye ndi limodzi kwa oyera ndi akuda omwe. M'nyuzi ya misoni, imene inayamba mu 1888, iye ndi Hetherwick anadzudzula boma pa za misonkho yolemetsa, nkhondo zothira mafumu, ndi kulanda malo. Anatsutsanso maganizo opereka dziko lino m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes.

Koposa zonse, anakonzekeretsa atsogoleri a Mpingo ochokera mwa eni dziko. M'zaka za 1893 ndi 1894 anapatula anyamata ena kukhala atumiki, nawapatsa udindo weniweni pa milandu ya Mpingo ndi pa kulalikira. Pakati pao panali Joseph Bismarck. Mungo Chisuse, amene anali katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. John Gray Kufa, amene anaphunzira za chipatala, ndipo anaphedwa ndi boma mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene mu 1911 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha, kukhala abusa oyamba achikuda a Mpingo wa Blantyre. Awa ndiwo miyala yamoyo imene vesi lathu loloweza likunena. Scott anamanga nyumba ziwiri pa nthawi imodzi, ya njerwa ndi ya anthu, ndipo ya njerwayo anaimangira ya anthuyo.

MASIKU AKE OTSIRIZA

Njira zake zinamupangira adani. Azungu ena a kuno ndiponso anthu ena a ku Scotland anamuneneza kuti akukweza anthu akuda msanga, kuti mapembedzedwe ake achuluka miyambo yosayenera Mpingo wa Chipresbiteriyo, ndiponso kuti sasamala bwino chuma cha misoni. Mu 1897 Mpingo unatuma anthu kudzafufuza. Mu 1898 Scott, wotopa ndi wodwala, anachoka ku Blantyre, ndipo Hetherwick analowa m'malo mwake.

Mu 1901 anatumidwa ku Kikuyu, m'dziko la Kenya. Kumeneko zinthu sizinamuyendere monga kuno. Anatengera misoni malo aakulu m'dziko la Akikuyu nayamba ulimi wa malonda, umene unalowetsa misoni m'mavuto a ndalama. Tinena izi kuti ana asamuyese mngelo. Anali munthu wokhoza kulakwa monga ife tomwe. Anamwalira komweko mu 1907, ali ndi zaka 54. Ku Thogoto, pafupi ndi Kikuyu, kuli katchalitchi kakale kotchedwa ndi dzina lake pamodzi ndi la Thomas Watson, mmishonale amene anayamba ntchito kumeneko. Akhristu a ku Kenya atamanga tchalitchi chachikulu pafupi pake, kakang'onoko sanakagwetse.

CHIFUKWA CHAKE NYUMBAYI IKALIPO

Nyumba siikhala zaka zoposa 130 chifukwa cha kulimba kwa njerwa kokha. Imakhala chifukwa mbadwo uliwonse unavomera kuisamala. Mu 1907 anaikamo limba loyimbira, mu 1912 analowetsamo magetsi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anaikonzanso, koma osasintha maonekedwe ake. Akhristu atachuluka kotero kuti sakanakwanamo, Mpingo unamanga holo yaikulu pafupi, nusiya tchalitchi chakale chili chiimire, chikugwirabe ntchito yake. Boma linachiika m'gulu la zinthu zakale za fuko zotetezedwa ndi lamulo.

Yerekezani ndi zimene zinachitika ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Kumeneko Mbusa John Chilembwe ndi Akhristu ake anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Mu 1915 asilikali a boma la atsamunda anachiphulitsa ndi mabomba. Iwo anadziwa kuti nyumba imalankhula, ndipo anafuna kuitseka pakamwa. Tsono taganizani: chimene adani amachita ndi mabomba tsiku limodzi, ife tikhoza kuchichita ndi mphwayi pa zaka makumi awiri. Lata limodzi likasomphoka osalikhomera, mvula imalowa, mtanda umaola, khoma limanyowa, chiswe chimakwera, ndipo chaka china denga limagwa. Madzi akatayika saoleka.

ZIMENE MAU A MULUNGU ATIPHUNZITSA

Wina adzakufunsani kuti, kodi Mulungu amakhala m'nyumba zomangidwa ndi manja? Muyankheni kuti ai, ndipo mumuonetse Machitidwe 7:48 ndi Yohane 4:21-24. Ife sitipembedza njerwa. Mpingo ukhoza kusonkhana pansi pa mtengo, Ambuye nakhala pakati pake. Koma werengani bwino Yoswa 4. Aisrayeli ataoloka Yordano, Mulungu analamula kuti atole miyala khumi ndi iwiri m'kati mwa mtsinje ndi kuiimika. Miyalayo inalibe mphamvu iliyonse. Ntchito yake inali yakuti ana akadzaiona adzafunse tanthauzo lake, ndipo makolo adzapeze mpata wofotokoza zimene Yehova anachita. Tchalitchi chakale ndi mwala wotere. Chikachoka, funso la mwana limachokanso, ndipo nkhani imafera m'kamwa mwa nkhalamba.

Pa 2 Mafumu 12 tiona Mfumu Yoasi ikudandaula kuti ming'alu ya Kachisi yakhala zaka zambiri osakonzedwa, ngakhale ndalama zinkaperekedwa. Wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pafupi ndi guwa la nsembe. Ndalama zinawerengedwa poyera ndi anthu awiri, ndipo zinapita kwa amisiri a matabwa ndi a miyala. Onani kuti kukonza nyumba ya Mulungu kufuna chuma chopatulidwira ntchito imeneyo, ndiponso anthu okhulupirika pochisunga.

Pa Luka 7 timva za kenturiyo wa ku Kapernao, munthu wa mtundu wina, amene anamangira Ayuda sunagoge. Akulu a Ayuda sanaiwale amene anawamangira, ndipo anamuchitira umboni kwa Yesu. Ku Kapernao mpaka lero alendo amaona mabwinja a sunagoge wa miyala yoyera, amene anamangidwa patapita zaka mazana angapo chichokere nthawi ya Yesu, ndipo akusamalidwa bwino. Apa muphunzitse ana ulemu kwa nyumba zopemphereramo za anthu ena. Mwana wa Sande Sukulu asaponye mwala pa mzikiti, asalembe pa khoma la tchalitchi cha mpingo wina, ndipo asaseke kachisi wa makolo amene angamupeze m'nkhalango.

NANGA KWATHU KUNO KU KASUNGU?

Nafenso tili nayo miyala yathu ya ku Yordano. Uthenga Wabwino unafika kuno kudzera ku Misoni ya Livingstonia kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, m'dziko la Mfumu Mwase. Mu 1900 Dokotala George Prentice anadzakhala kuno, nagwira ntchito ya kuchiritsa, kuphunzitsa ndi kulalikira kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 ntchito ya ku Kasungu inaperekedwa m'manja mwa amishonale a ku Nkhoma. Mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga C.C.A.P., ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. Motero misoni ya Chilanga ndi mfundo imene yamanga pamodzi mbiri ya kumpoto ndi ya pakati. Pa Chilanga pomwepo anaphunzirapo Hastings Kamuzu Banda, amene anadzakhala Pulezidenti woyamba wa Malawi, ndiponso anaphunzitsapo malume ake, Hanock Msokera Phiri. Ku Mtunthama anthu asunga mtengo wa kachere pokumbukira sukulu yoyamba imene Kamuzu anaphunzirapo. Ngati mtengo usungidwa chifukwa cha munthu mmodzi, nanga nyumba imene mazana a anthu anabatizidwiramo?

Koma musangoyang'ana ku Chilanga, ku Nkhoma, ku Mvera, ku Bandawe kapena ku Livingstonia. Kanyumba ka mapemphero ka m'mudzi mwanu kalinso ndi mbiri yake. Alipo amene anapereka malo. Alipo amai amene anatunga madzi mtunda wautali m'chilimwe. Alipo matenanti a m'maesiteti, ochokera kutali, amene anapereka tsiku lao lopuma kudzaumba njerwa. Maina a anthu ambiri amene anamanga ndi Scott sitiwamva akutchulidwa lero. Tisabwereze kulakwa kumeneku. Akulu amene akudziwa maina a omanga a kwanu akutha mmodzimmodzi, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Afunseni chaka chino.

Mlimi wa fodya sadikira kuti chigafa chigwe. Mvula isanayambe amayendera nsichi iliyonse, amachotsa yodyedwa ndi chiswe, amafolera podontha, chifukwa adziwa mtengo wa zimene adzapachikamo. Kodi nyumba ya Mulungu iyenera kuchepa ulemu kuposa chigafa? Kumbukiraninso kuti mitengo yatha kuno chifukwa cha minda, mabani ndi mauvuni. Mitanda ndi zitseko za mlombwa zimene makolo anaika m'matchalitchi akale simungazipezenso mosavuta. Kugwetsa nyumba yotere ndi kutaya chuma chimene ndalama za lero sizingabweze.

Sitikunena kuti musamange tchalitchi chatsopano. Mpingo ukakula, mangani, ndipo thokozani Mulungu. Tikunena kuti chakalecho muchipatse ntchito, pakuti nyumba yopanda anthu siichedwa kugwa. Mukhoza kuphunzitsiramo Sande Sukulu ndi kalasi, amai a Chigwirizano akhoza kukumaniramo, makwaya akhoza kuphunziriramo nyimbo. Ngati khoma lang'ambika kotero kuti liopsa moyo wa ana, musawalowetsemo, koma uzani abusa ndi akulu kuti aitane mmisiri wodziwa. Ndipo ngati palibiretu njira yoipulumutsira, ijambuleni, lembani mbiri yake, sungani belu, gome ndi mwala wa chaka, ndipo pamalopo muimikepo chikumbutso.

KAPHUNZITSIDWE

Phunziro ili mukhoza kuligawa pa Masabata awiri. Sabata loyamba fotokozani mbiri ya Scott. Bwerani ndi njerwa imodzi ndi chikombole, ana azigwire. Kwa ana aang'ono musachulutse zaka ndi maina. Akwanitse kudziwa zitatu izi: mbusa amene anamvetsera anthu, anthu amene anaphunzira kumanga, ndi nyumba imene ikalipo chifukwa inasamalidwa. Nkhani ya Dokotala Bowie ndi ya zolakwa za amishonale oyamba muisungire ana okulirapo.

Sabata lachiwiri tulukani nawo panja. Mutapempha chilolezo kwa abusa kapena mkulu wa mpingo, zungulirani nyumba yakale ya pa mpingo wanu. Itanani gogo mmodzi kapena awiri amene anaona ikumangidwa, kapena amene anamva kwa makolo ao. Ana akhale pansi mwaulemu, afunse, ndipo inu mulembe mayankho m'kope limene mudzapereka kwa mlembi wa mpingo kuti lisungidwe pamodzi ndi mabuku a ubatizo.

MAFUNSO

1. Kodi misoni ya Blantyre inali pa mavuto otani pamene Scott anafika mu 1881?
2. Scott anachita chiyani asanayambe kumanga, chimene chinaonetsa kuti alemekeza eni dziko?
3. Tchulani ntchito zinayi zimene anthu a kuno anagwira pomanga tchalitchi cha ku Blantyre.
4. Chifukwa ninji Mulungu analamula Yoswa kuimika miyala khumi ndi iwiri?
5. Kodi kusamala tchalitchi chakale kusiyana bwanji ndi kupembedza mafano?
6. Tchalitchi choyamba cha pa mpingo wathu chinamangidwa chaka chiti, ndipo anachimanga ndani?

NTCHITO YA ANA

Ana aang'ono asese m'kati ndi kunja, azule udzu womera m'mbali mwa khoma, ndipo ajambule nyumbayo pa pepala. Ana okulirapo afukule ngalande zochotsa madzi a mvula pa maziko, agumule njira za chiswe, ndipo awerenge malo odontha, magalasi osweka ndi ming'alu, kuti inu mukapereke ku bwalo la akulu. Mwana asakwere pa denga. Kalasi lonse likhoza kudzala mitengo ingapo chapatali ndi khoma, kuti mbadwo ukudzawo udzapeze matabwa okonzera.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha atumiki anu amene anatitsogolera, odziwika ndi osadziwika, amene anaumba njerwa ndi kusenza mitengo kuti ife tipeze pomvera Mau anu. Tikhululukireni pamene tanyozera ntchito ya manja ao. Tipatseni mtima wosamala nyumba yanu, ndi pakamwa pofotokozera ana athu zazikulu zimene munachita. Koposa zonse, timangeni ife tomwe tikhale miyala yamoyo pa maziko amene ndi Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.